Kodi Pakuwawa ndi Pati?

Ana inu, funso loyamba limene munthu afunsidwa akafika ku cipatala ndi lalifupi: "Pakuwawa ndi pati?" Lioneka lapafupi, koma anthu ambiri, ngakhale akulu a imvi, alephera kuliyankha bwino. Wina ati, "Thupi lonse." Wina ati, "M'katimu," nayendetsa dzanja kucokera pakhosi kufikira m'ciuno. Namwino amene ali ndi mzere wa odwala panja alibe nthawi yakufunsa kakhumi. Alemba cimene wamva, napereka mankhwala monga mwa mau amene wapatsidwa, ndipo mau akakhala osalunjika, mankhwalanso akhoza kuphonya. Ine ndiyesa kuti mwana ali yense, asanacoke pa sukulu, ayenera kudziwa kuchula malo onse a thupi lace molunjika m'cinenero cace. Phunziro limeneli liposa maina a mitsinje ya maiko akutali imene muloweza pamtima, pakuti mitsinjeyo ambiri a inu simudzaioloka, koma thupi muli nalo masiku onse.

Alipo ena amene ati Cinyanja cathu ncosauka, ciribe mau okwanira, ndipo wofuna kunena za nthenda ayenera kuthawira ku Cingerezi. Onena cotere sanaimepo pamene akulu alikutumbula mbuzi. Palibe kanthu m'kati mwa mbuziyo kamene kasowa dzina. Ici nciwindi, ndi kathumba ka ndulu pansi pace, kamene wotumbula acotsa mosamala kuti kangawawitse nyama. Ici ncifu, awa ndi matumbo, aka nkapamba, izi ndi impso ziwiri zobisala m'mafuta kumsana, awa ndi mapapo okumbatira mtima. Mnyamata wogwirira mwendo wa mbuziyo aphunzira maina onsewa popanda coko kapena bolodi. Ziwalo zomwezo ziri mwa ife, ndipo makhalidwe ace sasiyana kwambiri ndi a mbuzi.

Kunja kwa thupi maina aculuka koposa. Pamutu pokha pali liwombo, mphumi, nkhongo, tsaya ndi cibwano. Dzanja liri ndi cikhatho ndi zala, ndipo cala cimene tiloza naco makolo anacicha mkombaphala, cifukwa ndico cimene mwana akombera naco phala m'mbale. Anthu amene anapatsa cala cimodzi dzina lokoma cotere sanali osauka mau. Kuno ku Lundazi tiri olemera kawiri, pakuti ambiri a inu kunyumba mulankhula Citumbuka, ndipo pa sukulu muwerenga Cinyanja. Cimene buku lino licha khungu, agogo anu ati cikumba; mwazi ati ndopa; mafupa ati viwangwa. Musataye mau ena pofuna ena. Namwino wocokera kutali akhoza kusamva Citumbuka, ndipo tsiku limenelo mwana wodziwa zinenero zonse ziwiri ndiye pakamwa pa agogo ace.

Bvuto lathu ndi ulesi. Titenga liu limodzi ndi kulisenzetsa katundu wa mau khumi, monga ngolo ya thonje yopita kumsika. Taonani liu lakuti mwendo. M'mwendo muli nchafu, bondo, msongolo kumaso, katumba kumbuyo, kakolo, cidendene ndi phazi, koma wothyoka msongolo ndi wobinya kakolo onse awiri angoti, "Mwendo." Woyambayo afunika cikhakha masabata ambiri, waciwiriyo kawiri kawiri angofunika kupumula. Liu lakuti cifuwa lichula malo a nthiti, lichulanso nthenda yakutsokomola. Mtima ndiwo tausautsa koposa onse. Munthu amene cifu cirikumuocha pansi pa fupa la pacifuwa ati mtima ulikuwawa. Wamantha atinso mtima. Wolira maliro atinso mtima. Ndipo "m'mimba" mulowa kutsegula, kudzimbidwa, njoka ndi pakati pomwe. Makolo anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko, ndipo anaona bwino. Wodwala yekha ndiye adziwa pamene pali ululu, ndipo akapanda kupachula, palibe wina adzapachula m'malo mwace.

Madokotala sakhutira ndi liu lakuti m'mimba. Iwo ayesa mizere iwiri m'maganizo, wina woimirira ndi wina wopingasa, yokomana pa mcombo, nagawa mimba panai. Yesani pa mimba yanu. Kumtunda kudzanja lamanja, pansi pa nthiti, kuli ciwindi ndi ndulu. Kumtunda kudzanja lamanzere kuli cifu ndi kapamba, amene atupa mwa ana odwala malungo kawiri kawiri, kufikira mungamukhudze ndi zala. Kumunsi kudzanja lamanja kuli kathumbo kakang'ono konga nyongolotsi, kotseka kunsonga, kamene m'cipatala akacha appendix. Kameneka kakatupa, ululu uyamba pa mcombo, ndipo atapita maora usamukira kumunsi kumanja ndi kukhazikika pomwepo. Munthu wotere afunika opaleshoni msanga, pakuti kathumboko kakaphulika m'kati moyo uli pangozi. Amene anganene kuti, "Unayamba pa mcombo usiku, tsopano watsikira kuno kumanja," wampatsa dokotala theka la nchito yace. Amene angoti "m'mimba" akhoza kubwerera kumudzi ndi mankhwala a njoka. Pansi pa mcombo, pa cinena, pali cikhodzodzo. Ndipo ululu wa impso umveka kumsana, pansi pa nthiti zotsiriza.

Apa pali msampha umene ukola ana ambiri. Mukapenya cithunzi ca munthu m'buku, ciwindi cioneka kudzanja lanu lamanzere, ndipo muyesa kuti wojambula analakwa. Sanalakwe iai, munthu wa pa cithunziyo alikupenyana nanu. Lamulo la m'zipatala zonse ndi lakuti manja ndi manzere ndi a wodwala, si a wopenya. Atumbuka anathandiza ana ao pocha dzanja lamanja woko la maryero, ndilo dzanja lodyera, ndipo palibe mwana aiwala dzanja limene adyera nsima. Mau akuti pamwamba ndi pansi asokeretsanso. Munthu ali ciimire, pamwamba ndi kumutu. Atagona cagada pamphasa, pamwamba ndi pamimba. Cifukwa cace madokotala anapangana kuti pochula malo a thupi adzayesa munthu ali ciimire, nkhope kutsogolo, manja ali m'mbali, zikhatho zopenya kutsogolo, ngakhale mwini wace atagona cafufumimba.

Pamenepo ndipo pacokera mau aja amene aopsa anthu pa mapepala a cipatala. Ca kumaso alemba anterior, ca kumbuyo posterior, ca kumutu superior, ca kumapazi inferior. Cimene ciri kufupi ndi mzere wa pakati pa thupi ati medial, ndi ca kumbali ati lateral. Mkono ndi mwendo aziyesa ngati nthambi za mtengo: ca kutsinde, ndiko kuphewa kapena kuciuno, ati proximal, ndipo ca kunsonga, ndiko kuzala, ati distal. Kodi pali liu limodzi pamenepa limene ife tisowa? Kumaso, kumbuyo, kumutu, kumapazi, pakati, kumbali, kutsinde, kunsonga, onsewa mwana woweta mbuzi awadziwa.

Ndipo mau a madokotala sanagwe kumwamba. Ambiri ndi a Cilatini ndi Cigriki, ndipo poyamba anali mau a kukhichini ndi kubusa. Fupa lobulungira la pabondo alicha patella, ndiko kunena kambale. Fupa la msongolo ndi tibia, dzina limene Aroma anachanso citoliro. Fupa lopingasa pansi pa khosi ndi clavicula, kamfungulo. Mnofu anaucha musculus, kutanthauza kambewa, cifukwa pamene munthu apinda mkono mnofu uyenda pansi pa khungu monga mbewa pansi pa mphasa. Ife a kum'mawa, amene tidziwa mbewa koposa Aroma, sitiyenera kunjenjemera ndi dzina lotere. Kupambana kwa mau amenewa kuli pa cinthu cimodzi: eni ace anapangana. Kale fupa limodzi linali ndi maina angapo, dziko liri lonse ndi lace, ndipo madokotala sanamvana. M'caka ca 1895 akatswiri a thupi la munthu anasonkhana mu mzinda wa Basel ku Switzerland nabvomerezana mndandanda umodzi wa maina a Cilatini. Mndandandawo unakonzedwa kangapo, ndipo wa caka ca 1998 unali ndi maina pafupi 7,500. Cotero dokotala wa ku Lusaka akalemba kalata, mnzace wa ku India kapena ku Cuba aimva monga analembera mwini.

Wina adzafunsa kuti, "Nanga maina ngaciani, popeza ndiri ndi cala colozera?" Cala cithandiza pamene wodwala ndi dokotala ali m'cipinda cimodzi. Koma dziko lathu ndi lalitali. Kucokera ku boma la Lundazi kufika ku Chipata, kumene kuli cipatala cacikulu ca cigawo cathu, pali makilomita pafupi 180. Anthu a m'cigwa ca Luangwa, kwa Kazembe, kwa Chitungulu ndi kwa Mwanya, kumene cigawire caka ca 2018 kuli m'boma la Lumezi, abvutika kukwera kumtunda mvula ikadzaza mitsinje. M'malo otere nthenda iyamba kuyenda pa lamya, mwini wace akali pamphasa. Pa lamya cala ciribe nchito. Woitana akanena kuti, "Njoka yamluma pa kakolo wa kumanzere, ndipo kutupa kwafika pa bondo," ndi patapita ora nanenanso kuti, "Tsopano kwafika pa nchafu," womvayo adziwa liwiro la ululu wa njokayo ngati alikuona ndi maso, ndipo adziwa ngati galimoto iyenera kunyamuka usiku womwewo. Ndani m'mudzi agwira lamya ndi kuwerenga kalata? Kawiri kawiri ndinu ana a sukulu.

Tsono tinene za khungu, pakuti ndilo ciwalo cimene tinyoza koposa, ngakhale ndilo lalikulu mwa ziwalo zonse. Khungu la munthu wamkulu, litayalidwa pansi, likhoza kuyandikira malo a mamita awiri m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Liri lopyapyala pa zikope, ndi locindikala ku mapazi ndi m'zikhatho. Khungu liri ndi miyalo. Muyalo wa pamwamba, umene acha epidermis, ulibe mitsempha ya mwazi. Ufundudka pang'ono pang'ono ngati mfundudwa wa njoka wosaoneka, ndipo usinthika wonse pa masabata monga anai. Pansi pace pali dermis, ndilo liu locokera ku liu la Cigriki lakunena khungu, m'mene muli mwazi, mitsempha yakumva kutentha ndi ululu, mizu ya tsitsi, ndi akasupe a thukuta oposa 2,000,000. Pansi pa zonsezi pali mafuta. Mwaona kuti minga ikakukandani pamwamba, cizindikiro cace citha masiku owerengeka, koma mphini za pa nkhope ya agogo zikhala kufikira imfa. Cifukwa cace ncakuti mphini zinatemedwa kufikira muyalo waciwiri, umene susinthika monga wa pamwamba. Kuda kwa khungu lathu kucokera ku utoto wochedwa melanin, umene upangidwa kunsi kwa muyalo wa pamwamba, ndipo utichinjiriza ku dzuwa. Mnzanu wacialubino thupi lace silipanga utoto wokwanira. Palibenso cina cimene asiyana nanu. Cimene afuna ndi cisoti, malaya a manja atali ndi mthunzi, ndi malo a kutsogolo m'kalasi cifukwa ca maso ace.

Kudziwa miyalo imeneyi kupulumutsa moyo m'miyezi ya June ndi July, pamene ana agona pafupi ndi moto. Kupsa kwa pamwamba kuwawa kwambiri koma kupola msanga. Kupsa kofika pa muyalo waciwiri kuturutsa matuza. Koma pamene khungu lapsa lonse, pamaoneka poyera kapena pakuda ndi pouma, ndipo sipawawa kwambiri, cifukwa mitsempha yakumva yafa. Makolo ena atonthola mtima poona kuti mwana salira, osadziwa kuti kupsa kumeneko ndiko koopsa koposa. Ukulu wa bala auyesa ndi dzanja la wopsayo mwini: cikhatho pamodzi ndi zala ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a khungu lace. Mwana wamng'ono akapsa malo okwana zikhatho zace 10, kapena akapsa kumaso, m'manja kapena m'mphecepece, apite ku cipatala tsiku lomwelo. Thirani madzi ozizira oyera mphindi 20, ndipo musapakepo dzira, mafuta, phulusa kapena ndowe.

Nthenda zambiri za khungu zidziwika ndi malo amene zikonda. Mphere zikhala pakati pa zala, pa mfundo ya dzanja ndi m'ciuno, ndipo ziyabwa usiku. Zipere zikonda m'mutu mwa ana. Matekenya afuna zala za kumapazi. M'caka ca 2011 mvuu zambiri zinafa mu Luangwa kwa anansi athu a ku Chama, ndipo anthu oposa 500 amene anasenda, kunyamula kapena kudya nyamayo anadwala nthenda yochedwa anthrax. Dzinali m'Cigriki ndi khala la moto lozima, cifukwa cironda cace ciri ndi nkhanambo yakuda bii pakati, cotupa m'mbali, cosawawa kwambiri, ndipo cituruka pa manja, pa mikono, pakhosi kapena kumaso, pamene nyamayo inakhudza. Khungu liululanso za m'kati. Zikhatho ndi kunsi kwa zikope zikayera, mwazi wacepa. Khanda likatsegula m'mimba, ndipo mukatsina khungu la pamimba pace licedwa kubwerera, madzi atha m'thupi. Liwombo linena comweco. Liwombo si nthenda. Ndi mpata wa pakati pa mafupa a mutu, umene utsekeka wokha mwana asanapitirire zaka ziwiri. Likalowa pansi, mankhwala omata pamutu sathandiza kanthu. Mwanayo afuna bere, ndi madzi a mcere ndi shuga a ku cipatala, msanga.

Koma nthenda imene iphunzitsa bwino koposa zonse ndi khate. Makolo athu analiopa kwambiri, ndipo cipatala ca Mwami, kufupi ndi Chipata, cinasunga akhate zaka zambiri. Kacirombo kace kanapezedwa ndi dokotala wa ku Norway, Gerhard Armauer Hansen, m'caka ca 1873. Khate siliyamba ndi kuduka zala monga ayesa ambiri. Liyamba ndi banga lotumbuluka pa khungu, losayabwa, losawawa, ndipo cifukwa ca kusawawako munthu alinyalanyaza zaka. Ciyeso cace ncapafupi, ndipo cida cace cimera m'minda mwathu. Wodwala atseka maso, ndipo woyesa akhudza bangalo ndi kansonga ka thonje. Akapanda kumva thonje pa banga, koma nalimva pa khungu la pambali, apite ku cipatala. Kacirombo kaononga mitsempha yakumva, makamaka wa pa cigongono ndi wa kunsi kwa bondo. Dzanja losamva ligwira mphika wamoto osadziwa, phazi losamva liponda minga osadziwa, ndipo zironda zimenezo ndizo zitha zala. M'caka ca 1981 bungwe la World Health Organization linalangiza mankhwala ophatikiza, ndipo kuyambira 1995 aperekedwa kwaulere pa dziko lonse. Amwedwa miyezi 6 kapena 12, ndipo woyamba kumwa aleka kupatsira anzace. Wofika msanga acira ndi zala zace zonse. Kusiyana kwa iye ndi wopunduka kawiri kawiri kuli pa mau ocepa onenedwa nthawi yabwino: "Ndiri ndi banga kumsana, pansi pa phewa lamanzere, ndipo silimva."

Pali malo ena a thupi amene mwambo utiletsa kuchula pamaso pa akulu, ndipo mwambowo ndiulemekeza. Koma makolo omwewo anatisiyira mau aulemu: m'mphecepece, pa cinena, kumalisece, m'matako. Mau amenewa si zotukwana. Munthu wakutuluka mwanabere m'mphecepece, nauza namwino kuti mwendo ulikuwawa cifukwa ca manyazi, adzinamiza yekha. Ndiponso mwana wodziwa mau aulemuwa akhoza kuuza amace kapena mphunzitsi momveka, wina akamgwira pamene sayenera kumgwira.

Sindinena kuti cinenero cathu catha kukonzeka. Cimene anacita a ku Basel ife sitinacite mokwanira. Kapamba amene atupa ndi malungo ali kumanzere pansi pa nthiti; koma olemba ena achanso kapamba ciwalo cina, cogona kumbuyo kwa cifu, cimene cilamulira shuga m'mwazi. Ziwalo ziwiri za nchito zosiyana zirikulimbirana dzina limodzi. Liu lakuti mtsempha nalonso linyamula njira za mwazi, zingwe zakumva, ndi zingwe zomanga mnofu ku fupa. Ngakhale m'nkhani yino mwaliona lirikugwira nchito ziwiri. Kulekanitsa zimenezi ndi nchito ya aphunzitsi, anamwino ndi madokotala olankhula zinenero zathu, ndipo ena a iwo ali pa mabenci a kalasi lino. Poyambira pace ndi pa maina amene alipo kale. Mbuzi ikaphedwa kwanu, imani pafupi ndi wotumbula, mufunse dzina la kanthu kali konse m'Cinyanja ndi m'Citumbuka, makamaka la kaciwalo kotuwa kaja komamatira ku matumbo kufupi ndi cifu, ndipo mulembe zimene akulu adzayankha.